Phiko lomwe ndinkati ndi langa

Mpaka lero ana a ku tchalitchi kwathu ku Sparkhill amanditchula Uncle Wing. Sindiyankha.

Nditamaliza digiri ya uinjiniya, ndinapeza ntchito pa fakitale ina cha ku Coventry yopanga zipangizo za magalimoto a mpikisano, aja okwera munthu mmodzi chogona chagada. Ntchito yanga inali kuyeza tizitsulo togwira phiko lakutsogolo. Basi. Koma ku tchalitchi ndinkati phiko lonselo ndinalijambula ndine (Mulungu ankamva, koma sanandidule mawu).

Tsiku la mpikisano woyamba pa chaka ndinaitanira anthu kunyumba. Chisomo, bwenzi langa, anasinthitsa shifiti ku chipatala cha New Cross n'kubwera ndi amalume ake, a Phiri, omwe tinkadikira kuti avomereze chinkhoswe chathu.

"Ndiye phiko lija ndi lanu, bambo?" anafunsa a Phiri akuloza TV.

"Langa ndithu, amalume. Limenelo silithyoka."

Magalimoto ananyamuka. Asanazungulire n'komwe, phiko lija linazuka n'kulowa kunsi kwa matayala, galimoto n'kukawomba khoma. A pa TV anazibwereza pang'onopang'ono, kenako kuchokera kumwamba, kenakonso kuchokera pa chipewa cha dalaivala (anthu amenewa alibe chisoni). Dalaivalayo anamunyamula pa machira. Pabalaza mwana wa mayi wina anafunsa mokweza kuti, "Mummy, did Uncle kill him?"

Dalaivalayo sanafe, koma anathyoka mwendo ndipo chaka chake chinathera pomwepo. Ofufuza anapeza kuti tizitsulo tanga tinalibe vuto, chinalephera ndi guluu. Komabe galimotoyo inkangomaliza kumbuyo mpikisano uliwonse, timu inathetsa kontirakiti ndi fakitale yathu, ndipo ambiri tinachotsedwa ntchito. Visa yanga inatsala pang'ono kupita nayo limodzi.

Ndinapita kwa a Phiri kukadziyeretsa.

"Amalume, phiko lija sindinalijambule ine. Ine ndinkangoyeza tizitsulo."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye musankhe nokha, bambo. Mwana wathu timupereke kwa wothyola anthu miyendo kapena kwa wabodza?"

Ndinapempha nthawi yoganizira. Za chinkhoswe mpaka pano amangoti adzatiuza.

Masiku ano ndimagwira ya care, yosamalira okalamba, ku Bordesley Green, kukankha ma wheelchair. Sabata yatha tayala la wheelchair ya agogo ena linayamba kulira, ndipo mnzanga wa ku Chipata anati, "Iwe si injiniya? Takonza." Ndinamuuza kuti wandisokoneza ndi munthu wina.