Mabatire a Injiniya

Dilu inapsa Loweruka masana kwa mayi Alefa, botolo lachitatu la kachasu litafika pakati. Wapampando anali Dunstan, yemwe anadzipatsa yekha dzina loti Injiniya chifukwa anasesapo miyezi iwiri m'shopu ya makompyuta ku Zomba. Dzinalo ndiye chinali chuma chake chonse, poti ngakhale njinga analibe.

"Magaye, ku ofesi ya alimi a mpunga kwabwera mamausi asanu opanda chingwe, oyendetsera kompyuta," anatero. "Mtauni imeneyo ndi dola."

"Bwanji osangonyamula kompyuta yeniyeniyo?" anafunsa Bizweki, wotchedwa Matemba chifukwa cha kuwonda.

"Aise, kompyuta ungaibise m'thumba la buluku? Uziganiza ngati shasha."

Fanuelo, yemwe ankamuti Bwato poti akamwa ankayenda chopendama, anavomera zonse asanamve chilichonse.

Lamulungu anthu ali kutchalitchi, akatswiri athu anatsegula zenera la ofesi ija n'kutola mamausi onse asanu. Tsiku limenelo Injiniya anayenda ngati mwini wa dera lonse la Mwambo.

Lolemba anapeza kasitomala ku Kachulu, mphunzitsi wina wa laputopu. Mphunzitsiyo anayendetsa mausi patebulo, koma pasikilini palibe chinagwedezeka.

"Mabatire amenewo," anatero Injiniya mosatekeseka.

Anagula ena paokala. Zii. Anachotsa a mu tochi ya Bwato. Ziii.

"Nanga kachitsulo kobaya pa kompyuta kali kuti?" anafunsa mphunzitsi. "Popanda kameneko, abale, mwandibweretsera miyala."

Tizitsulo tonse tinali titatsala kuofesi, tobayidwa bwinobwino m'makompyuta. Matemba anaseka mpaka kukhala pansi. "Injiniya wa tsache," anatero. Mawuwo anamubaya Dunstan kumtima, ndipo analumbira kuti mawa silitha asanatsuke dzina lake.

Lachiwiri anabwereka tayi n'kukalowa muofesi muja monga wokonza makompyuta, kuti azule tizitsuloto mwakachetechete. Anzake anadikira kuseri, m'mphepete mwa munda wa mpunga. M'katimo anapezamo mlembi, mayi Veronica, akudandaulira akuluakulu a komiti.

"Komanso mbava zake ndi mbuli zenizeni," ankatero mayiwo. "Kuba zinthu zachabechabe zoti mabatire ake amatha masiku atatu."

Munthu wanzeru akanangoti pepani. Koma Injiniya anali atamva kale mawu oti tsache, tsono lero amvenso oti mbuli?

"Mayi, musanyoze katundu wabwino," anatero, chala chili m'mwamba. "Vuto ndi inuyo. Mumaikamo mabatire otchipa a wailesi m'malo mwa alikalaini, kapena otchaja. Mumasakaniza akale ndi atsopano. Ndiye mukamaweruka simuzimitsa kaswitchi kapansi kaja. Onse asanu ndinawapeza ali chiyakire, ndinachita kuzimitsa ndekha."



"Munawapeza liti, bambo?" anafunsa Veronica mwaulemu wonse.

Mkulu wa komiti ananyamuka pang'onopang'ono n'kukhoma chitseko. Kunja, Matemba ndi Bwato atamva phokoso la loko analiyatsa liwiro kulowera m'munda, momwe matope anawagwira mpaka m'ntchafu. Anadikira momwemo, ali chiimire, mpaka alimi anabwera kudzawazula.

Veronica anatenga cholembera. "Mwati alika chani?"

"Alikalaini," anayankha Dunstan.

Mayiwo analemba malangizo onse pakapepala, poti analidi oona. Kenako anaimbira apolisi.