Unkhoswe wa a Lewis ndi Mapulosesa Awo

Ku Chilinde kuno aliyense ankadziwa kuti usanawapatse moni a Lewis, uyambe wapeza pokhala. Ankakonza malaputopu kuseri kwa msika, ndipo nkhani iliyonse, kaya ya mvula kaya ya maliro, inkathera pa mapulosesa a m'tsogolo, ubongo wa malaputopuwo. Mayi wina wogulitsa tomato anangopita kukawafunsa nthawi. Pobwerera, tomato wake wosapsa anamupeza atafiira.

Kutchalitchi anawaletsa kudalitsa chakudya, chifukwa tsiku lina anapempherera akatswiri a kunja kuti achepetse kutentha kwa makina, mpaka mafuta anagwirana mu ndiwo.

Ine ndinawaonera pafupi pa mlandu wa Mayankho, mwana wa mchemwali wawo, ndi mkazi wake Tina. Iwo anali nkhoswe ya kuchimuna, ine ya kuchikazi. Chikanganirane za achibale obwera osanena, awiriwa ankaphika aliyense payekha, mbaula ziwiri m'nyumba imodzi. Tina anali atamanga kale katundu kuti abwerere kwa makolo ake ku Dedza.

A Lewis anatulutsa laputopu yakufa m'chikwama, n'kuitumbula patebulo. Anatisonyeza pulosesa, amene amaganiza, ndi kachipangizo kena kamene kamajambula zithunzi. Anati m'makina akale awiriwa amakhala motalikirana, aliyense ndi nkhokwe yake, n'chifukwa chake fani imalira ngati chigayo ndipo batire silifika masana. A m'tsogolo, anatero, adzakhala pa kachidutswa kamodzi, kudyera nkhokwe imodzi, osatentha, osasokosa.

“Malume, ife tabwerera za banja,” anatero Mayankho.

“Ndikunena za banja lomwelo. Khala chete, sindinafike pa memole, nkhokwe ija.”

Anapitiriza. Tiyi anazizira. Nkhuku inalowa, kumvetsera pang'ono, n'kutuluka. Kenako ndinaona Tina akuyang'ana mwamuna wake ndi maso opempha thandizo, munthu amene anali atasiya ngakhale kumuyankha moni. Mayankho analuma mlomo kuti asaseke. Tina anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

“Tagwirizana, Malume,” anatero Tina. “Mbaula imodzi. Chonde tsekani makinawo.”

A Lewis anakhumudwa ndithu, poti anali asanafotokoze za makina oganiza okha. Panjira anandidandaulira kuti ana a masiku ano amagwirizana msanga, osamva malangizo onse. Banjalo lilipo mpaka lero, ndipo Tina amanena kuti akafuna kukangana amangokumbukira kuti memole ija sinafotokozedwe.

A Lewis anatisiya chaka chatha, nyengo yozizira. Malaputopu opyapyala opanda fani ayamba kuoneka m'tauni, ndipo achinyamata amawagula osafunsa za m'kati. Pamalo pa a Lewis paja tsopano pali wometa tsitsi, ndipo anthu amadutsapo n'kukafika kwawo nthawi yabwino.

Posachedwapa ndinaitanidwanso ku mlandu wa banja lina ku Kawale. Tonse tinalankhula zanzeru, mwachidule, ndipo pofika masana mkazi anali atakwera kale minibasi.