Phiko Lodzakuliramo

Usiku wathawu ndinalota zoti sindikufuna kudzalotanso, ndiye lekani kuseka kuti ndafika kuntchito wopanda nsapato, mumve kaye. Mukudziwa kuti lero mlongo wanga Esinati atsika koyamba pansi pa makola a nsomba kukasoka ukonde. Dzulo anandipempha kuti ndimusankhire phiko, chithumba cha mpweya chija timavala kumsana kuti tisamire komanso tisayandame chiyandamire. Ine ndinatenga lalikulu kuposa onse, lonyamula makilo 27, pamene iye amatsika ndi silinda imodzi yokha ya mpweya wopuma. Ndinagona ndikudzitama kuti mlongo wanga ndimamukonda.

Ndiye m'malotomo ndili m'sitolo ya zida, koma madzi akulekeza m'mawondo, mashelefu akuyendayenda okha. A Kapichi osunga zida ali pa tebulo, akudinda mapepala onyowa. Mwadzidzidzi khosi lawo linayamba kutupa, maso tong'oo, ndiye anasanduka chule wovala tayi.

"Mukufuna saizi yanji?" anafunsa chuleyo.

"Yaikulu, bwana. Adzakuliramo."

Pakamwa panali panga koma mawu anali a mayi athu. Ndi mawu omwe aja ankanena akamatigulira yunifolomu yofika m'akakolo tili sitandade 1, kuti tivalebe mpaka sitandade 5.

Ndiye mapiko awiri amene anali pa msomali anayamba kukangana. Laling'ono linati, "Ine ndine wa makilo 14. Silinda imodzi, mtovu wa pa lamba womuthandiza kumira, ndi suti yosambirira ikafinyika pansi, zonsezo ndimakwanitsa." Lalikulu linageya n'kunena kuti, "Musamvere kamwana aka. Ine ndimanyamula ng'ombe ndi ngolo yomwe." Mwadzidzidzi mtovu wa pa lamba unandikoka malaya.

"Achimwene, mwandiyeza ine? Silinda mwaiyeza? Phiko sayezera chikondi, amayezera katundu."

"Khala chete, chitsulo iwe!" ndinaukalipira. Inu mukundidziwa, sindikonda kuuzidwa zochita, makamaka ndi chinthu chopanda pakamwa.

Ndiye ndikutsegula chitseko cha sitolo kuti ndituluke, ndangopezeka ndili pansi penipeni pa madzi, pamene dzuwa limafika litatopa. Esinati ali apo akusoka ukonde, singano m'manja, akugwira bwino ntchito moti ndinanyadira. Chapambali a Likaomba oyang'anira chitetezo ayika desiki pamchenga, akumwa tiyi amene sakusakanikirana ndi nyanja.

Mwadzidzidzi phiko lalikulu lija, lili kumsana kwa Esinati, linayamba kupuma. Fwii, fwii. Likukula. Mbali zake zinapindika n'kukulunga silinda ngati chitenje choberekera mwana, mpweya n'kubisala m'makwinya. Esinati anakoka chingwe chotulutsira mpweya, sipanatuluke ngakhale thovu limodzi. Anakokanso. Mapazi ake anachoka pamchenga.

"Achimwene, likundikoka!"

Anzanga, ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Tonse pano tikudziwa zimene zimachitikira mapapo a munthu akakwera mothamanga kuchokera pansi chonchija: amaphulika. Ndinadumpha n'kumugwira phazi, ndiye m'manja mwanga munangotsala nsapato yake yosambirira, nayonso ikundiyang'ana monyoza.

Ndinathamangira pa desiki, koma kuthamanga kwa m'madzi mukukudziwa, miyendo ikupalasa, munthu uli pomwepo.

"Bwana, thandizeni! Mlongo wanga akupita!"

A Likaomba anaika kapu pansi, manja awo n'kusanduka zopanira, ndiye inali nkhanu yaikulu yovala magalasi. Ndikamaiyandikira, iyo ikuyenda chammbali.

"Dzazani fomu," inatero.

"Fomu yanji? Munthu akufa!"

"Fomu yofunsa amene anasankha phikolo."

Inandipatsa pepala, ndiye pepalalo linali lodzaza kale, pansi pake pali siginecha yanga, ikugwedezeka ngati nyongolotsi pa mbedza. Ndinayesa kuifufuta ndi chala, iyo n'kundiluma.

Mwadzidzidzi chambo chonse cha m'khola chinafola pamzere, nsomba iliyonse itavala yunifolomu yokwekwereza, zikuimba ngati pa asembule: "Adzakuliramo, adzakuliramo!" Chule wa tayi uja akuimbitsa. Phiko laling'ono linadutsa pambali panga lili lokha, silinandinyoze n'komwe, linangoti, "Ine ndikanakwana."

Ndinayang'ana kumwamba. Esinati anali atachepa ngati batani la malaya, akukwerabe, dzanja limodzi akundikodola. Ndinafuna kukuwa dzina lake koma m'kamwa munangotuluka thovu. Chimene chinkamveka ndi kupuma kwa phiko basi. Fwii, fwii, fwii.

Ndiye ndinadzidzimuka, thukuta lili kamukamu, koma phokoso lija silinaleke. Fwii, fwii. Ndinasuzumira pawindo. Kunja kwayera, Esinati wawerama akupopa tayala la njinga, ndipo pa kaliyala wamangirira bwinobwino chiphiko chija ndi lamba wa mphira.

Ndinatuluka mmene mukundioneramu, wopanda nsapato, n'kuyamba kumasula lambayo. Iye anasiya pampu n'kundiyang'ana modabwa.

"Mukulitengeranji, achimwene? Si dzulo lomweli munati ndidzakuliramo?"