Maliro a Mayi Verlene pa Loweruka la Mpira

Mayi Verlene Stovall anaimba limba m'tchalitchi mwathu ku Cotter Springs zaka makumi anayi, koma chala chawo sichinakhudzepo limbalo pa Loweruka la mpira. Kuyambira Seputembala mpaka kumapeto a Novembala, kaya ndi ukwati kaya ndi maliro, zinkadikira. Loweruka linali la anyamata a pa koleji, aja a zipewa zolimba ogundana mapewa pa TV, ndipo mayiwa ankawatcha ana awo ngakhale sanakumanepo ndi mmodzi yemwe.

Amene anazilawa bwino ndi Abusa Wendell Pike. Iwowa anabwera kuchokera ku Maine tsitsi likadali lonse, ndipo mwezi wawo woyamba anaika ukwati pa Loweruka lotsegulira mpira.

"Abusa, kalendala yanu yadwala," anatero Mayi Verlene.

"Ukwati ndi wa Mulungu, mayi."

"Mulungu ali ndi masabata makumi asanu ndi awiri. Ana anga ali ndi khumi ndi awiri okha."

Abusa anaumirira. Ku ukwatiwo kunabwera anthu asanu ndi anayi. Bambo a mkwatibwi atamufikitsa mwana wawo kutsogolo anati aiwala mpango m'galimoto, ndipo anaufuna mpangowo maola awiri wailesi ili kukhutu. Mkwati anayankha kuti inde asanafunsidwe n'komwe.

Zotsatira za mpira anthu ankazimvera pa limba Lamulungu m'mawa. Timu ikapambana, nyimbo ya chopereka inkathamanga mpaka madikoni kupuma wefuwefu ndi mbale. Ikagonja, ndime imodzi inkatenga nthawi yoti nkhuku ipse.

Koma nyengo yawo yeniyeni inali Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, mpira usanayambe. Ankakhala pakhonde ndi tiyi wozizira ndi mulu wa manyuzipepala, ndipo mnyamata aliyense watsopano ankamudziwa dzina, kulemera kwake, ngakhale mpingo wa amayi ake.

"Chaka chino ndi chathu, Abusa."

"Munateronso chaka chatha."

"Chaka chatha ndinanena ndi pakamwa. Chino ndikuchimva m'mawondo."

Kunena zoona, timu yathu si yoti munthu n'kuidalira. Koma Mayi Verlene akalankhula, ngakhale ife odziwa kuwerenga zigoli tinkapita kwathu tikukhulupirira.

Tsiku lina Abusa anapita kukawaona masewera ali mkati. Atangoponda pakhomo, anyamata anagoletsa.

"Musasunthe," anatero mayiwo, maso ali pa TV.

"Ndangobwera kudza..."

"Phazi lamanzerelo libwerere pomwe linali."

Munthu wa Mulungu anaima pakhomo paja mpaka mpira kutha, Baibulo m'khwapa, mwini nyumba akukalipira kochi mokweza ngati kochiyo ali kukhitchini. Timu inapambana, ndipo chaka chonsecho anthu ankawaitana Abusa kuti adzaime pamakomo pawo.

Zaka zinapita, tsitsi la Abusa linatha, ndipo Julaye wina Mayi Verlene anagonekedwa m'chipatala. Dokotala anati kwatsala masabata owerengeka. Iwo anamufunsa ngati anaonako mndandanda wa masewera, kenako anamuuza kuti atuluke. Atatsala awiri ndi Abusa, mawu anatsika.

"Wendell, undilonjeze chinthu chimodzi. Usadzandiike pa Loweruka la mpira."

Aka kanali koyamba kuwatchula dzina. Abusa anayesa kuseka.

"Sindikuseka. Mwamuna ndilibe, mwana ndilibe. Ndaimbira maliro a tawuni yonse ino, ndipo ndikuopa kudzagona m'tchalitchi mopanda anthu. Anthu anga ndimawadziwa. Inenso sindikanabwera."

Abusa analonjeza.

Mayi Verlene analimbana ndi matenda awo Ogasiti yense, ndipo anamwalira Lachitatu, kutatsala masiku atatu kuti mpira uyambe. Wachibale anali mmodzi yekha, Royce, mwana wa mlongo wawo, wogulitsa nyumba ku Atlanta, munthu woti mpira sankaudziwa kumutu kapena kumchira. Pofika Lachinayi anali atakonza zonse pafoni ndi a kampani yokonza maliro: Loweruka, hafu pasiti thu. Mpira unkayambanso nthawi yomweyo.

"A Royce, tisunthireko Lolemba," anachonderera Abusa.

"Lolemba ndili ndi msonkhano."

"Nanga m'mawa wa Lowerukalo?"

"Ndege yanga ikutera masana. Abusa, mukufuna kundiuza kuti anthu akuluakulu angalephere maliro chifukwa cha ana othamangitsana pa TV?"

Abusa anagonja. Masiku awiri amenewo chakudya sichinkalowa. Anali atalonjeza munthu ali pabedi la imfa, ndipo lonjezolo linawaphwanyikira m'manja. Analengeza nthawi ya maliro ndi manyazi, osayang'ana munthu kumaso.

Loweruka anadzera khomo lakumbuyo kuti asaone poimika magalimoto. Anakhala m'kaofesi kawo akupukuta magalasi omwe anali oyera kale. Nthawi itakwana anatsegula chitseko.

Tchalitchi chinali chodzaza mpaka anthu kuimirira m'makoma. Ometa anatseka, ogulitsa mafuta anatseka. Aliyense anavala malaya a timu pamwamba pa zovala za maliro, ngakhale Dikoni Hoyt, yemwe moyo wake wonse ankachemerera timu ya adani athu ndipo malaya obwerekawo ankamuthina pamimba. Woimba limba panalibe, ndiye tinaimba pakamwa, moipa ndithu, ena kutsogolo ena kumbuyo. Abusa analalikira mwachidule.

Kumanda, dothi litabwezedwa, anthu sanafulumire kuchoka. Royce, pofuna kucheza, anatembenukira kwa dikoni.

"Nanga mpira wanu uja watha bwanji?"

Dikoni Hoyt anayang'ana wometa. Wometa anayang'ana mkazi wake. Funso linayenda mzere wonse mpaka kumpanda, ndipo m'khamu lonselo munalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa.

Apo m'pamene Abusa analira, poyera, osabisa nkhope.

Nyumba ya Mayi Verlene ikadali yotseka pakona ya msewu wawo. Timu ikupitiriza kutikhumudwitsa monga mwa masiku onse, ndipo timawasowa mayiwa kwambiri. Abusa amadutsa kumeneko Loweruka masana popita kukaona odwala. Akuti zaka zonsezi, chifukwa cha kukuwa kwa mayiwa pa mpira, sankadziwa kuti mumsewu umenewo mumalira mbalame.