Nthenga Zanga ndi a Mpasa a ku Bua

Amene akuti ine Naphiri ndimanama aimike dzanja ndimuone, makamaka inu Nachisale, amene munaseka m'chigafa mwanu tikusankha fodya mpaka kukhalira masamba. Mkazi sawedza ndi mbedza, munatero. Chabwino. Ine ndinafika Fomu 4, Bayoloje ndinkaposa anyamata onse, choncho ndalemba kuti muwerenge nokha, ngati kuwerengako mumakutha.

Malemu amuna anga, asanabwere kuno kwa Kapelula kudzalima fodya, ankaphikira azungu kumapiri a kumpoto, komwe anaona nsomba zikupusitsidwa ndi nthenga zomangirira kumbedza, popanda nyongolotsi. Atatisiya anandisiyira kachitini ka mbedza ndi nyumba yoti ukatsokomola imakuyankha. Ana ali ku Joni. Matenanti anakwera lole kubwerera kwawo. Ndinatsala ndikucheza ndi nkhuku, nazonso chitopa chinasesa.

Dzinja litafika ndinatola nthenga za nkhanga, ndipo ndi zala izi zimene zasoka fodya kuyambira ndili mtsikana ndinamanga ngumbi yabodza, yofanana ndi yeniyeni mwakuti nditaiika patebulo inathothola mapiko n'kuyamba kuzungulira kufunafuna mwamuna. Mukumva? Ndinamanga ina, ndinadula nsungwi, ulendo kumene mtsinje wa Bua umatsetsereka m'miyala. Ndinaupeza utafiira, ukukokolola nthochi, mbuzi, ndi njinga mwini wake akupalasabe, koma ine osabwerera, ndinazunguza chingwe pamwamba pa mutu mpaka chinadula mtambo pakati, mvula n'kumagwa uku ndi uku, ine pakati gwa, wouma. Ngumbi itangotera padziwe madzi anatumphuka, n'kutuluka nsomba ya mpasa yotalika ngati mtanda wa chigafa, mamba ake ngati mbale zadothi. Yoteroyo suitchula ngati kamwana. Ndinati a Mpasa. Anayang'ana ngumbi, anayang'ana ine, monga apongozi olawa ndiwo za mtengwa, anameza, tinakokana mpaka dzuwa kupendeka, kenaka analavula n'kumira.

M'masika ndinawamangira chiwala, chimene mlimi wina anachithamangitsa ndi mpope wa mankhwala kuchokera pakhomo panga mpaka kumtsinje. A Mpasa atachiona analumpha m'mwamba kwambiri moti mthunzi wawo unakafika kwa Kaomba, nkhuku za kumeneko n'kukalowa m'khola masanasana, ndipo pogwa anathovula madzi amene anathirira madimba atatu, eni ake mpaka lero amayamika mvula. Ndikunama? Kafunseni.

Nthawi yachisanu kulibe chouluka. Kunazizira moti kantchentche kanga ka nthenga ndinachita kukalukira juzi, apo ayi kakanakana kutera pamadzi. Koma masiku amenewo sindinkaponya kawirikawiri. Ndinkakhala pamwala, nkhungu ili tolo, n'kumawauza a Mpasa za kumudzi: kuti foni yatha mwezi osalira, kuti denga layamba kudontha pamene pankagona malemu, kuti ndimaphikabe ndiwo za anthu awiri mosazindikira. Iwo ankayandama chapafupi, kukamwa yasa, tseke, yasa, tseke, osandidula mawu ngakhale kamodzi, chinthu chimene malemu sanachikwanitsepo.

Tsono chilimwe! Dzuwa linawamba mpaka achule ankayenda chonyang'ama pamiyala, dziwe linaphwa, msana wa a Mpasa unali pamtunda ngati bwato lovundikira, ndipo ndinamva kuti amuna a kutsidya akusinja katupe woti adzathire m'madzi aphe zonse. Ine ndinavula chitenje chapamwamba, ndinachiviika, ndinawabereka a Mpasa kumbuyo ngati khanda, mutu uli paphewa panga, mchira ukukwekwereza pansi n'kumalima mzere umene wina anadzabzalamo chimanga n'kudzaza nkhokwe, ine phazi phazi kukwera mtunda kulunjika dziwe lakuya la kumtunda, thukuta langa ndilo linkawasunga amoyo. Panjira ndinakumana ndi amuna a katupe aja.

"Mwabereka ndani, Naphiri, wamkulu chonchi?"

"Ndi alamu anu, malungo awavuta," ndinatero.

Anavula zipewa, n'kundipatukira. Mmodzi anati ndiwapatse moni akatsitsimuka.

Nditawatsitsira m'dziwe lakuyalo anazungulira katatu, kenaka anabwera kudzagunda mwendo wanga ndi mphuno. Chitenje chija chilipo, chikununkhabe, amene akufuna abwere adzanunkhize. Adzakhalenso pang'ono, mpando ulipo.

Ndikudziwa funso lanu, Nachisale, munalifunsa kale m'chigafa muja: katswiri wotere, chaka chathunthu, nsomba ikumeza nyambo tsiku ndi tsiku, bwanji sitinalaweko ngakhale mutu? Mukuganiza kuti amandipulumuka. Ine? Palibe nsomba ya mu Bua ingapulumuke dzanja ili nditafuna.

Koma poti ndalumbira kunena zoona, imvani. Tsiku loyamba lija ndinawalekerera dala, ndipo nditabwerako ndinatenga tupa wa malemu, ndinakhala pakhonde, n'kupala nsonga za mbedza zonse m'kachitini, imodziimodzi, mpaka zinasalala ngati chala. Sizikola kanthu. A Mpasa amameza, timakokana, akatopa amalavula, ine n'kutsanzika.

Ndikanawakola tsiku limenelo mukanadya, inde, mukananyambita ndi zala. Nanga ine m'mawa mwake ndikanalawirira kwa yani?