Zikomo Bwana, Zilembo Zisanu za Chiwindi Ndaziloweza

Wolemekezeka Bwana Mkulu Woona za Matenda a Chiwindi,

Ndagwada pansi, Bwana, ngakhale kugwada kukundivuta masiku ano. Ine ndine telala wamba, makina anga amakhala pakhonde la sitolo ya nsapato, ndipo sukulu sindinapite nayo patali. Ndalemba kuti ndithokoze, pakuti zimene aphunzitsi analephera, inu mwazitha m'miyezi inayi yokha.

Mwamuna wanga anali wometa anthu. Tsiku lina munthu wina amene anabwera kudzametedwa anamuyang'ana pagalasi n'kunena kuti, "Akulu, masowa achita chikasu bwanji?" Tsiku lomwelo tinafika kuchipatala kwanu. Tinabwerako maulendo khumi ndi umodzi, choncho mundilole ndiyamikire chimodzichimodzi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha chikwangwani chonyezimira chimene munapachika moyang'anizana ndi benchi lodikirira, chija chili ndi nkhope yanu m'munsi. Poti dokotala amamuona ndi amene wakhala pabenchipo maola asanu, ndinachiwerenga mpaka kuchiloweza. Tizilombo totupitsa chiwindi tilipo mitundu isanu. A ndi E amalowa ndi madzi akuda ndi chakudya chosasamalika, ndipo E alibe chisoni ndi amayi oyembekezera. B, C ndi D amayenda m'magazi. B ndi wa fuko la DNA, anzakewo ndi a RNA, ndipo onsewo si pachibale, anangokumana m'chiwindi ngati anthu okwera basi imodzi. C alibe katemera koma mapiritsi amamuchotsa. B katemera ali naye, koma akakhazikika sasamuka, amangogonekedwa ndi mankhwala. D ndiye anandigwira mtima: alibe chovala chakechake, amabwereka cha B, ndipo B kulibe sangachite kanthu. Ndinakumbukira wachiwiri wanu, amene katatu konse anandiuza kuti sangasaine pepala inu mutachokapo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mpope wa pakhonde lomwelo, umene sunadonthepo chibwerere ife. Odwala timatunga mumgolo wopanda chivindikiro, tonse ndi kapu imodzi. Ndikuona kuti simunafune kuti A ndi E tingowadziwa papepala.

Chachitatu, makina oyezera magazi. Ndinawaona ndi maso angawa, atsopano, akadali m'pulasitiki. Bambo wa mulabotale anawasisita ngati mwana wake nati, "Makinawa ndi amphamvu, mayi. Mankhwala ake oyezera ndiwo sanafike." Dokotala, munthu wabwino ndithu, anadina mimba ya mwamuna wanga n'kupukusa mutu. "Ndi chiwindi," anatero, "koma kuti ndi uti mwa asanuwo, ndikanena ndinama." Anatipatsa mapiritsi opha ululu ndi tsiku lina lobwerera. Ine wodziwa mitundu yonse isanu ndi njira zake ndinabwerera kunyumba osadziwa umodzi wokha umene ndinadzera.

Mwamuna wanga anasiya kumeta, chifukwa anthu anayamba kuopa lumo lake. Miyendo inatupa, kenako mimba. Ine ndine woyembekezera, mwezi uno ndi wachisanu ndi chitatu, ndiye tikakhala moyandikana pabenchi lanu lija iye ankandigunda ndi chigongono n'kumati, "Mayi a mwana, tione amene ayambe kuchira." Anamwalira Lachiwiri lapitali. Papepala analemba kuti kutupa kwa chiwindi, mtundu wosadziwika. Apongozi anga atamva mawu akuti wosadziwika anati mtunduwo iwo akuudziwa, ndine ndinamulodza mwana wawo. Mukanandipatsa chilembo chimodzi chokha, Bwana, ndikanawaonetsa. Koma sindikudandaula, zilembo ndi zanu, mumagawa mmene mwafunira.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha namwino wa kusikelo, amene anandikokera pambali n'kundiuza zoona. Ngati anali B, mwina nanenso ndili naye, ndipo mwana angamutenge pobadwa pokhapokha atabayidwa katemera tsiku lomwelo. Ndinafunsa ngati ndingayezedwe. Anandilozera chipinda cha makina aja. Ndinafunsa za katemera. Anatsegula firiji, ndipo ndikuchitira umboni kuti imazizira bwino kwambiri, madzi akumwa a ogwira ntchito anu anali atauma gwa.

Ndamva pawailesi kuti mwezi wamawa mudzakhala kuhotela masiku atatu ndi akatswiri anzanu, kukambirana zosindikizanso chikwangwanicho m'mitundu yowala kuposa kale. Mulungu akupatseni mphamvu, ntchito imeneyo si yamasewera. Mwezi womwewo nane ndili ndi kamsonkhano kanga kuchipinda chochirira.

Pempho langa ndi laling'ono, lolingana ndi munthu wake. Pa nthawi ya tiyi, ngati sikukhala kukusokonezani, tumani munthu abweretse kabotolo kamodzi koyezera ndi katemera mmodzi. Zikavuta musadzipweteke mutu. Mungondilembera tsiku limene zidzafike, kuti ndimuuze mwanayu ayambe wadikira m'mimba momwemo. Adzamvera, Bwana. Kudikira ndi kwa kumtundu kwawo, bambo ake anadikira mpaka mapeto osakweza mawu.

Ndine wanu wodzichepetsa, wosayenera ngakhale kusoka batani la jekete lanu,

Telala wamasiye wa pakhonde la sitolo ya nsapato