Lole ya a Indiketa

Mumsewu mwathu munali munthu mmodzi yekha amene sankakhota asanaonetse mkono. Kaya akupita kugolosale, kaya akungozungulira kuseri kwa nyumba yawo yomwe, ankayamba atambasula mkono, kuphethiritsa zala ngati nyali ya galimoto, kenako n'kukhota. Dzina loti a Indiketa linachokera pamenepo, ndipo dzina lawo lenileni ndikukayika ngati alipo amene ankalikumbukira kupatula akazi awo.

Ine ndili ndi saluni, khoma limodzi ndi nyumba yawo, ndiye ndaona zambiri. Tsiku lina anandiomba ndi phewa ndikutuluka ndi beseni la madzi a sopo, madzi onse khuthu pasiketi.

"Achimwene, kodi maso muli nawo?"

"Funso limenelo ndi lanu, achemwali. Ine ndinaindiketa kalekale. Inu mwalowa mumsewu waukulu osayang'ana."

"Pakhonde panga pano ndi pamsewu waukulu?"

"Paliponse pamene pakudutsa lole ndi pamsewu waukulu."

Lole imene ankanenayo anali iwo omwe. Anayendetsa malole a katundu kuyambira ali mnyamata mpaka imvi mbuu, ndipo chilichonse pamoyo ankachiona ndi maso a dalaivala. Akamwa tiyi ankati akuthira mafuta. Akatsokomola ankati injini ikuphonya. Ine, chifukwa cha pakamwa pangapa, ankati ndine hutala yomata.

Anawatsitsa pachiwongolero ndi matenda a shuga. Madokotala anadula mwendo wamanja, womwe uja wopondera moto ndi buleki. Atabwerako kuchipatala ankangokhala pakhonde, ndodo ziwiri zili pambali, kuyang'ana kumsewu. Lole ikamveka ikudutsa patali ankatseka maso, dzanja n'kumayenda lokha ngati likusintha giya. Ndinayesa kuwaputa kuti tikanganeko monga kale, koma ankangoti, "Chabwino, achemwali." Abale inu, a Indiketa kunena kuti chabwino! Ndinalowa musaluni n'kulira, kasitomala ali pampando mutu utalukidwa theka.

Anawadzutsa ndi a Mafoni, bambo wokonza mafoni pakagome ka pakona. Anabwera kudzacheza, n'kuwaonetsa kavidiyo ka gemu ina ya pakompyuta. Mu gemu imeneyo suwombera munthu, sumenya mpira. Umangokhala m'lole, kunyamula katundu, n'kumayenda mtunda wautali, mvula ikugwa, mawaipa akupukuta galasi. A Indiketa anaonera kavidiyoko mobwereza mpaka foni inazima.

"Akuyendetsayu ndani? Akulowa pakona ndi giya yolakwika."

"Ndi munthu wamba, bambo. Ali m'chipinda mwake."

"Laisensi amafunsa?"

"Safunsa."

"Nanga miyendo amawerenga?"

"Sawerenga, bambo."

"Basi. Ndikubwerera pamsewu."

A Mafoni atatchula mtengo wa kompyuta yoti ingakoke gemu yotere, a Indiketa anaseka koyamba chichokereni kuchipatala, kuseka mpaka kutsamwa. Penshoni yawo inkathera kumankhwala ndi kulendi, zimenezo tonse tinkadziwa.

"Vuto lanu a masiku ano mumangodziwa kugula," anatero akupukuta misozi. "Ife tinkatenga malole akufa, kuchotsa ichi apa, icho apo, n'kutulutsa imodzi yamoyo. Mundiuze ziwalo zake, ndimanga ndekha."

Chipinda chochezera chinasanduka garaja. Mayina amene a Mafoni ankatchula iwo analibe nawo ntchito. Bolodi lalikulu lomwe zonse zimakhalapo ankati chasisi. Kachitsulo koganiza kaja, pulosesa, ankati injini. Khadi lotulutsa zithunzi ankati galasi lakutsogolo, poti popanda ilo msewu suoneka. Chasisi anaipeza mumulu wa makompyuta otayidwa kuseri kwa ofesi ina, mphemvu zitamangamo kale mabanja. Zonse anaziika m'bokosi lawo lakale la masipanala, ataboola mabowo ndi msomali kuti muzilowa mphepo. Sikirini inali tivi yomwe wina anaitaya chifukwa inali ndi mzere woyera wotsika pakati penipeni.

"Mzerewu uzikusokonezani, bambo," anatero a Mafoni.

"Undisokoneze? Umenewo ndiye undithandiza kusunga mbali yanga."

Kuyambira pamenepo chinthu chilichonse chokhala ndi waya mumsewu mwathu chinali pangozi. Ine ndinangoona chowumitsira tsitsi changa chimodzi palibe.

"Achimwene, chowumitsira tsitsi changa mwachiona?"

"Chakufa chija?"

"Sichinafe! Chimangofuna kuchimenya pang'ono."

"Ndiye ndachimenya kwambiri. Fani yake yalembedwa ntchito yoziziritsa injini. Muzinyadira, mwana wanu wapeza ntchito yabwino."

Ndinawalalatira mpaka makasitomala anatuluka ndi marola kumutu kudzaonerera. Iwo phee, akumanga mawaya, milomo ikunjenjemera ndi kuseka. Ndikubwerera musaluni ndinazindikira kuti ndikumwetulira ndekha ngati wopenga, chifukwa mnzanga wokangana naye anali atabwerera.

Choopsa chinali cha girisi. A Mafoni anawauza kuti pamwamba pa pulosesa pamapakidwa kamankhwala kake koti isatenthe, ndipo akabweretsa akakapeza. Iwo anavomera mwaulemu, kudikira kuti a Mafoni akhote pakona, n'kutulutsa chitini cha girisi wa malole. Anapaka osaumira, chala chonse, n'kuyatsa. Posakhalitsa msewu wonse unkanunkha ngati garaja yapsa, utsi tolotolo pazenera. Akazi awo, amene ine ndimawatcha alamu, anathamanga ndi chidebe cha madzi.

"Mayi, imani! Sathira madzi injini ili yotentha, mung'amba buloko!"

"Nyumba ikupsa, inu mukunena za buloko?"

"Nyumba ndi ya eni ake. Injiniyi ndi yathu."

Injiniyo inafera pomwepo. A Mafoni atafika anagwira mutu n'kukhala pansi. A Indiketa anawayang'ana, kuyang'ana bokosi, n'kufunsa motsitsa mawu, "Kodi titati tiikankhe pang'ono, singalire?" Panapita miyezi kuti apeze pulosesa ina. Nthawi yonseyo, madzulo alionse akamaweruka, ankaika mwala pansi pa mwendo wa tebulo kuti lole isatsetsereke.

Alamu ndi munthu wosalankhula zambiri. Sofa yawo inatulutsidwa, pamalo pake n'kulowa mpando weniweni wa lole, wong'ambika, masipuling'i akusuzumira. Kenako kunabwera chiwongolero chenicheni, chachikulu ngati chivundikiro cha mgolo, chomwe a Mafoni anachilumikiza kukachipangizo kakale ka gemu. Zopondera anaziika kumanzere, kumene kunali mwendo wotsalawo. Alendo akabwera ankakhala pamabokosi. Ine ndinapsa mtima m'malo mwawo.

"Alamu, mukulolera bwanji zimenezi? Akanakhala anga, bwenzi zonsezi zili kudzala."

"Asiyeni, mlamu," anatero. "Akudya. Chiyambireni zimenezi mbale ikubwerera yopanda kanthu."

Koma shuga sanagone. Atathana ndi mwendo anatembenukira kumaso. Ndinazindikira tsiku limene anandiitana kuti ndiwalowetsere kawaya pabowo lomwe ngakhale mwana akanaliona ali pakhomo. Ndinati ndiwaseke, koma ndinangotenga kawayako n'kuwalowetsera.

"Chifunga chayamba, achemwali," anatero osandiyang'ana. "Chikubwera m'mbalimu. Ndikufuna ndinyamuke chisanatseke msewu."

Nkhaniyi itamveka, anthu omwe ankabisa mawailesi awo akaona a Indiketa anayamba kubweretsa okha. Wina sipika, wina mawaya, wogulitsa makala anabweretsa kiyibodi yopanda mabatani ena, sindikudziwa kuti anaitola kuti. Ine ndinapereka chowumitsira tsitsi chachiwiri, chamoyo, ndipo ndinawauza kuti akayerekeza kuthokoza ndichitenganso. Chinatsala ndi galasi lakutsogolo, khadi lija, ndipo limenelo silitoledwa padzala.

A Mafoni anayenda tawuni yonse mpaka anapeza lakale, fani yake imodzi yakufa, kwa bambo wina wa garaja amene mwana wake analisiya. Bamboyo anati ndalama sakufuna, akufuna jeke. A Indiketa anali ndi jeke wamkulu amene anayenda naye maulendo onse, ndipo ankamupukuta kuposa mmene anthu ena amasambitsira ana awo. Anampukuta komaliza, kumupatsa malangizo bamboyo ngati akukwatitsa mwana, n'kutembenukira kukhoma pamene ankamunyamula.

Kompyuta ija inayaka Loweruka lina dzuwa litapendeka. Ndinamva a Mafoni akukuwa ngati alumidwa, ndinasiya kasitomala ali ndi mankhwala kumutu. M'chipindamo munadzaza, ana ali mbwee pamawindo. Pativi ya mzere ija panali lole yofiira itaima pabwalo la depoti, kutsogolo kwake geti lili chitsegukire, kuseri kwa geti msewu wakuda ukupita kumapiri.

A Indiketa anavala jekete lawo lakale la ntchito. Anapereka ndodo kwa alamu, kudzikweza pampando, kugwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Anasendeza nkhope pafupi ndi tivi mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda, n'kunena kuti, "Ndikuuona."

Tinkayembekeza kuti aponda moto. Ayi ndithu. Anauza a Mafoni kuti awazungulitse kunja kwa lole, aone matayala limodzi limodzi. Anakonza galasi lakumanja, anakonza lakumanzere, anabwereranso kulakumanja. Anayesa nyali, anayesa mawaipa, analiza hutala ana n'kukuwa. Kenako analiza injini. Masipika otoledwa aja anatulutsa mkokomo wakuya, makapu a alamu n'kumanjenjemera m'kabati. Iwo anatseka maso, mutu utapendekera kumbali, kumvetsera. Misozi inkatsika mpaka pakolala ya jekete, osaipukuta.

"Ili bwino," anatero. "Imeneyi ili bwino kwambiri."

Atatero anazimitsa.

"Aaa, achimwene! Nyamukani!"

"Nthawi ino? Achemwali, za misewu musiyire eni ake. Injini yatsopano saithamangitsa tsiku lomwelo. Ndipo ulendo wautali umayamba m'mawa, munthu utagona bwino, utasamba, utatsanzika mkazi wako."

"Ingotulukani pageti pokhapo mubwerere, tione!"

"Ine sindinatulutsepo lole pageti mwamasewera."

"Bambo," anatero a Mafoni mowanyengerera, "ndi gemu iyi. Nthawi tingathe kuisintha, kukhale m'mawa pompano."

"Kwa inu ndi gemu," anayankha. "Mubwere mawa mudzandione ndikutuluka."

Ndinawauza kuti ndi nkhalamba youma mutu, kuti sindidzabwera, kuti nthawi yanga yapita pachabe. Anaseka, n'kuuza ana kuti hutala yamatanso.

M'mawa mwake ndinabwera, ndithu, ndisanatsegule n'komwe saluni. Ndinapeza galimoto ya aneba itaima pakhomo, amuna akunyamula a Indiketa m'bulangete, atakomoka. Pampando wa lole panali malaya ositidwa bwino, jekete, ndi fulasiki yomwe alamu anawakonzera ya paulendo. Kuchipatala anakhalako masiku ochepa, osatsegula maso, ndipo sanabwereko.

Ndikuuzeni zoona, mpaka lero ndimawakwiyirabe. Geti linali lotsegula. Msewu anauona ndi maso awo omwe. Akanangoponda pang'ono chabe, akanapita. Ndikamapesa munthu tsitsi n'kukumbukira zimenezi ndimakoka mwamphamvu mpaka kasitomala amadandaula. Kenako ndimakumbukira kuti akanaponda chifukwa choti ine ndakuwa, sakanakhala iwowo, ndipo pamenepo mtima umandiwawa kuposa kukwiya kuja.

Patapita nthawi anthu anayamba kubwera kudzafunsa ngati khadi lija likugulitsidwa. Alamu ankangopukusa mutu. A Mafoni, amene anaonda ndi maliro amenewa ngati afedwa bambo awo enieni, anabwera ndi maganizo ena, ine ndili pomwepo.

"Mayi, mundilole ndiitulutse pageti m'malo mwawo. Ndikafikitse katunduyo, ulendo wawo utheke."

"Isayende," anatero alamu. "Mungondionetsa poliza pokha."

"Poliza pokha, mayi?"

"Zaka zonse zimene anali pamsewu sindinkadziwa tsiku lobwera. Ndinkangomva injini ikulira panja, n'kudziwa kuti afika, ndiike madzi osamba pamoto."

A Mafoni anawaonetsa, n'kutuluka osatsanzika.

Mumsewu mwathu masiku ano muli zii. Makasitomala akuti ndasanduka munthu wofatsa, sadziwa kuti ndangosowa wolalatirana naye. Koma madzulo alionse, ndikamasesa tsitsi pansi, khoma limayamba kunjenjemera pang'onopang'ono, mkokomo uja n'kumamveka, injini ikungolira pamalo amodzi. Ana amasiya mpira n'kumvetsera.

Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinasuzumira pazenera. Lole yofiira inali pabwalo pomwe paja, geti lili chitsegukire. Alamu anali kukhitchini, atafulatira mpando uja kuti asauone, akudikira kuti madzi afunde.